Mbalule ya Osenza Mtolo

Wambani ng'oma pamoto, matani phula pakati pake. Mbalule itsogole, mpanje uyankhe, gunda agunde pansi mpaka fumbi lidzuke. Amayi konzani kukhosi, nthungululu zifunika. Anyamata sendezani mabenchi, bwalo likule. Lero tabwera kudzatamanda anthu a mpira, koma tabwera ndi mlandu m'manja. Ndi mlandu uja umatentha pa wailesi Lolemba m'mawa, uja umapitiriza munthu siteji yake m'minibasi, uja umaimitsa bawo njere zili m'manja: kodi katswiri weniweni timamudziwira chiyani? Ena akuti tionetseni chikho, wopanda chikho akhale pansi. Ena akuti tsegulani buku tiwerenge zigoli, nambala sinama. Mbali zonse zili ndi pakamwa, mbali zonse zili ndi mboni. Tsono dekhani, ndiitane mayina mmodzimmodzi, amoyo ndi ogona, amuna ndi akazi, a kuno ndi a kutsidya. Mlandu tiugamula mboni zikatha.

Ndiyambe ndi inu malemu Godfrey Chitalu, mwana wa ku Luanshya kwa migodi ya kopa. Ucar, batire losatha moto! Mphenzi ya ku Kabwe, chiphaliwali cha m'mbali mwa njanji, mkango wolowa m'khola alonda ali maso, wolizitsa magoloboyi dzuwa likuswa mtengo. Anzanu akamapuma wefuwefu, inu n'kuti mukungoyamba kumene. Chaka cha 1972, mutavala jezi ya Kabwe Warriors, maukonde a m'Zambia adasowa mtendere: bungwe la mpira la dziko lanu lidawerenga zigoli 107 m'nyengo imodzi. Timu ya Majantja ya ku Lesotho mudaimwetsa zigoli 7 inu nokha pa masewero amodzi. Dziko lanu mudaligoletsera zigoli 79, ndipo mwa anyamata onse a Chipolopolo palibe adafikapo pamenepo.

Chaka chomwecho cha 1972, ku Germany, Gerd Müller adagoletsa 85, dziko lonse lidalemba. Mu 2012 Lionel Messi adagoletsa 91, dziko lonse lidaimirira. Zambia itakweza dzanja n'kunena kuti kuno kudali munthu wa 107, a FIFA adayankha kuti iwo sasunga kaundula wa zigoli za m'maligi a mayiko, kotero sangachitire umboni. Imvani tsono, inu a nambala: nambala sinama, koma nambala ili ndi mwini. Imakhala kumene kuli mlembi, kamera ndi kabati yosadontha. Chigoli cha pa Kabwe chidagwedeza ukonde chimodzimodzi ndi cha ku Munich. Koma china chidalowa m'mabuku a dziko lonse, china chidatsalira m'nyuzipepala zakale ndi pakamwa pa okhawo amene adaona ndi maso.

Imvaninso inu a chikho. Mu 1974 ku Cairo, Zambia idafika m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa. Idalepherana ndi Zaire 2-2, ndipo masewero atabwerezedwa idagonja 2-0. A Chitalu chikho cha Africa sadachikhudze. Kodi tiwafufute pamndandanda? Mbalule yakana, mpanje wakana, gunda wapukusa mutu. Chikho n'cha mudzi, chigoli n'cha mwendo, ulemu ngwa wosenza mtolo.

Tsitsani manja, oimba ng'oma. Gunda yekha ayankhule, pang'onopang'ono. Usiku wa pa 27 Epulo 1993 ndege ya asilikali a Zambia idanyamuka pa Libreville ku Gabon, ulendo wa ku Dakar kukakumana ndi Senegal polimbirana malo ku chikho cha dziko lonse. Sidapite patali, idagwera m'nyanja ya Atlantic. Anthu 30 adatsikira m'madzi, osewera 18 ali momwemo, pamodzi ndi aphunzitsi awo, a Chitalu omwewa ndi a Alex Chola. Vulani zipewa, ndiwaitane. Efford Chabala, manja a ulimbo. Richard Mwanza, mlonda mnzake wa pagolo. John Soko. Whiteson Changwe. Robert Watiyakeni. Eston Mulenga. Samuel Chomba. Winter Mumba. Kenan Simambe. Derby Makinka. Wisdom Chansa. Moses Chikwalakwala. Numba Mwila. Godfrey Kangwa. Timothy Mwitwa. Moses Masuwa. Patrick Banda. Kelvin Mutale, amene adali atangogoletsa zitatu ku Mauritius masiku ochepa m'mbuyomo. Gonani, ana a Zambia; mayina anu sadamire.

Inu a chikho, yankhani: anyamata awa alibe chikho cha Africa chifukwa cha ulesi kodi? Inu a nambala, yankhani: zigoli zimene Mutale akadagoletsa m'zaka zotsatirazo mudzaziwerengera m'buku liti? Tsoka silinunkha. Chikho chimafuna mwendo, inde, koma chimafunanso ndege yabwino, bungwe lolongosoka, ndalama za kampu, mtendere m'dziko, ndi moyo umene. Amene amayeza munthu ndi chikho chokha amamuimba mlandu wa zinthu zimene sizidali m'manja mwake.

Kwezaninso manja! Lowani m'bwalo a Kalusha Bwalya, Great Kalu wa ku Mufulira. Mwendo wamanzere wokhotetsa mpira mumlengalenga, mmisiri wa free kick, chiwombankhanga choona mpata pamene ena akuona khoma, mtsogoleri wouma misozi kuti ana asalire. Mu Seputembala 1988, pa masewero a Olympics ku South Korea, mudakumana ndi Italy, dziko la zikho za dziko lonse. Mudalimwetsa zitatu, Zambia n'kupambana 4-0. Chaka chomwecho adakuvekani ufumu wa mpira wa Africa yense. Belgium idakuonani ku Cercle Brugge, Netherlands idakuonani ku PSV Eindhoven, Mexico idakuonani ku Club América. Ndege ija simudakwere, popeza inu mudayenera kuchokera ku Ulaya n'kukapeza anzanu ku Dakar. Mudatsala ndi maliro 30 pamutu.

Mutu ukakula sulewa nkhonya. Mudaima kutsogolo kwa anyamata atsopano, ena osadziwika n'komwe kunja kwa makalabu awo. Pa 4 Julayi 1993, pa Independence Stadium ku Lusaka, manda a anzanu ali kuseri kwa mpanda dothi lisanaume, mudaponya free kick m'ukonde, Morocco n'kugonja 2-1. Mu Okutobala ku Casablanca kulepherana kokha kukadakutengerani ku chikho cha dziko lonse, koma chigoli chimodzi chidatseka khomo. Mu Epulo 1994 ku Tunis mudalowa m'ndime yotsiriza ya chikho cha Africa: Elijah Litana adatsogoza Zambia, Emmanuel Amunike adabweza ziwiri, Nigeria n'kunyamula chikho. Mu 1996 ku South Africa mudatsogola pa zigoli ndi 5, timu n'kuthera pa nambala 3. Chikho cha Africa simudachinyamule muli ndi nsapato kumapazi. Koma ndani angaime pabwalo lino n'kunena kuti timu yomangidwa pamanda, yofika m'ndime yotsiriza chaka chisanathe, ndi ntchito ya munthu wamba? Kulimbitsa dziko lolira kulibe mendulo, kulibe mzere m'buku la zigoli. Chikho n'cha mudzi, chigoli n'cha mwendo, ulemu ngwa wosenza mtolo.

Tsono pasakhale wonena kuti ng'oma iyi ikunyoza chikho. Chikho n'chokoma, abale, chikho chimachiza. Imbani mothamanga! Pa 12 Febuluwale 2012, mu Libreville momwemo, m'mbali mwa nyanja yomweyo, ana a Zambia amene adali atakaponya maluwa pamadzi adaima maso ndi maso ndi Côte d'Ivoire. Ndikutamandeni, a Christopher Katongo, msilikali wolamula ndi chitsanzo, kaputeni wothamanga kuposa amene akuwalamula. Ndikutamandeni, a Kennedy Mweene, goloboyi wa mtima wamwala, wogwira penate ya Kolo Touré, womenyanso yanu n'kugoletsa. Ndikutamandeni, a Joseph Musonda, ovulala masewero atangoyamba, otuluka ndi misozi, onyamulidwa m'manja ndi mphunzitsi Hervé Renard kuti mukavine ndi anzanu. Ndikutamandeni, a Stoppila Sunzu, wotchinga kumbuyo, womenya penate yotseka mlandu. Mphindi 120 popanda chigoli, mapenate 8-7, Zambia mfumu ya Africa, ndipo a Kalusha, monga mtsogoleri wa bungwe la mpira, adachigwira chikho chija ndi manja awo.

Inu a nambala, tsegulani buku lanu pa tsamba limeneli. Pa mpikisano wonsewo palibe wa Zambia adapyola zigoli 3. Côte d'Ivoire idasewera masewero 6 osalola chigoli n'chimodzi chomwe, koma idabwerera chimanjamanja. Buku likadakhala woweruza, chikho chikadapita ku Abidjan. Mutu umodzi susenza denga: usiku umenewo anthu osatchuka adamangana pamodzi n'kukhala chinthu chimene nambala singathe kuchiwerenga. Chikho ndi umboni wakuti gulu lidagwirizana, lidapirira, ndipo pa mphindi yoopsa silidanjenjemere. Ulemu umenewo sitiulanda kwa munthu.

Koma tembenukani muone amene adaima tsidya lina usiku umenewo. A Didier Drogba, njovu ya ku Abidjan, chifuwa chotsitsa mpira uliwonse, namondwe wa ku Stamford Bridge, mwini zigoli 65 za dziko lake. Penate yanu ya m'kati mwa masewero idauluka pamwamba pa golo. Mu 2006 ku Cairo mudagonjanso pa mapenate. Patangopita miyezi itatu chichokereni ku Libreville, ku Munich mudabweza chigoli ndi mutu masewero ali pafupi kutha, mudamenya penate yotsiriza, Chelsea n'kukhala mfumu ya Ulaya. Mwendo womwewo, mtima womwewo, chaka chomwecho. Mu 2015, inu mutasiya kale kusewerera dziko lanu, anzanu adachitenga chikho cha Africa. Kodi amene adachinyamula tsiku limenelo onse ndi aakulu kuposa inu? Ng'oma yakana. Inu amene mu 2005 ku Sudan mudagwada pamaso pa kamera pamodzi ndi anzanu, kupempha abale anu kuti atule zida pansi, mtolo wanu udali wolemera kuposa siliva.

Nanga inu a George Weah, mwana wa m'makwalala a Monrovia, mphepo ya ku Monaco, ku Paris ndi ku Milan, wonyamula mpira kuchokera pagolo lanu mpaka m'ukonde wa Verona? Mu 1995 mudalandira Ballon d'Or, mphotho imene wosewera woimira dziko la mu Africa adali asanaigwirepo. Liberia ili m'nkhondo, inu ndiye mudali womwetsa zigoli, inu ndiye mudali thumba logulira matikiti ndi majezi. Ulendo wa ku chikho cha dziko lonse cha 2002 udakuphonyani ndi pointi imodzi kumbuyo kwa Nigeria. Simudapondeko ku mpikisano umenewo moyo wanu wonse. Munthu sasankha dziko lobadwira. Amasankha kulisenza kapena kulitula. Inu mudalisenza.

Tiwoloke pa Mchinji tsopano, tibwere kumudzi. Amayi, nthungululu! Dzukani a Kinnah Phiri, magetsi a Bata Bullets, moto wa Flames usanazilale, mdani wa maukonde kuyambira Blantyre mpaka Nairobi. Zigoli 71 mudaligoletsera dziko lino, ndipo ana onse obadwa pambuyo panu akadali kuthamangira nambala imeneyo. Inu ndinu mboni ya mbali zonse ziwiri, popeza chikho mudachilawa: mu 1978 pakhomo pathu Malawi idagonjetsa Zambia 3-2 n'kutenga chikho cha kum'mawa ndi pakati pa Africa, ndipo mu 1979 idakachiteteza ku Kenya. Koma pamene Flames idapita koyamba ku chikho cha Africa mu 1984, inu mudali mutapita kale ku Swaziland. Bwalo lalikululo simudapondepo ndi nsapato. Mudadzapondapo ndi wenzulo. Mu Juni 2008, pa Kamuzu Stadium, anyamata anu adagwetsa Egypt, eni chikho cha Africa, 1-0 ndi chigoli cha Chiukepo Msowoya. Pa 11 Januwale 2010 ku Luanda, patatha zaka 26 dziko likudikira, adaswa Algeria 3-0: Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka, Davi Banda. Zimene mwendo wanu sudafikire, manja anu adafikitsako ana a eni.

Ndipo ndisaiwale inu amene buku la zigoli limakuyang'anani ndi diso limodzi. A Young Chimodzi, nsanamira ya Silver Strikers, ovala jezi ya dziko maulendo 159. Malemu Jack Chamangwana, Africa mwini wake, linga la Wanderers, kaputeni wa mawu ochepa ndi mapazi anzeru. Chigoli chimene mudachiletsa sichidalembedwe paliponse, popeza sichidabadwe. Mpira umene mudaulanda pa mphindi yotsiriza, mzere umene mudaukonza ndi mfuu imodzi, mnyamata wamantha amene mudamulimbitsa m'chipinda chovalira, zonsezi zilibe nambala. Koma funsani omwetsa zigoli a nthawi yanu, akuuzani amene ankawasowetsa tulo.

Nawe Gabadinho Mhango, mwana wolimba chiwindi, lowa uvine. Pa 25 Januwale 2022 ku Yaoundé, Flames ili koyamba m'ndime ya matimu 16 ya chikho cha Africa, udaona goloboyi wa Morocco Yassine Bounou atasuntha pang'ono pagolo, udautumiza mpira kuchokera kutali kumene anthu sayesako, ukonde n'kuti gwede! Morocco idapambana 2-1. M'buku ndi chigoli chimodzi chabe, m'kabati mulibe kanthu; koma usiku umenewo kuyambira Nsanje mpaka Chitipa, ku Johannesburg ndi ku London komwe, Amalawi adakuwa ndi kukhosi kumodzi.

Tsono patukani, abambo, bwalo likhale la amayi. Mbalule isinthe mayendedwe! Lowani a Mwai Kumwenda, Nyakumwenda wa ku Mzimba, wophunzira ntchembere mbaye ndi mpira wachikulunga, dzanja losaphonya, nswala yotola mpira pamwamba pa mitu ya adani. Mu 2015 ku Sydney, pa chikho cha dziko lonse, Australia idatenga chikho, Queens idathera pa nambala 6, koma pofuna wosewera woposa onse pa mpikisanowo adatchula inu. Oweruza a kutsidya kwa nyanja adavomereza okha kuti katswiri wamkulu angathe kukhala m'timu imene sidafike pamwamba. Mu 2018 ku Gold Coast inu ndi anzanu mudagwetsa New Zealand 57-53. Mu 2020 mudanyamula chikho cha ligi ya Australia ndi Melbourne Vixens, n'kusankhidwa katswiri wa masewero otsiriza. Dzanja la 2015 ndi dzanja la 2020 ndi limodzi. Chidasintha ndi okuzungulirani.

Lowani a Tabitha Chawinga, Nyachawinga wamkulu wa ku Rumphi, kamvulumvulu woyendayenda, mlendo wolanda ufumu paliponse pamene wafika. Mu 2017 ku Sweden mudagoletsa 26, kuposa aliyense m'ligi yonse, koma timu yanu ya Kvarnsveden idatsika ligi chaka chomwecho. Imani pamenepo, inu a chikho: mfumukazi ya zigoli m'timu yotsika! Kodi adalephera ndi iye? Ku China mudatsogolanso, ndipo zikho zidabwera ndi Jiangsu. Ku Italy mudagoletsa 23 ndi Inter Milan, ligi n'kupita ku Roma. Ku France mudagoletsa 19 ndi Paris Saint-Germain, ligi n'kupita ku Lyon. Mayiko anayi, zinenero zinayi, nyengo zinayi, ndipo konseko woposa onse pa zigoli ndi mwana wa ku Rumphi. Apa ndi pamene nambala imagwira ntchito yake yolungama: imaimira munthu amene chikho chamudutsa, n'kunena kuti uyu adalipo, uyu adachita.

Tsopano mboni ziwiri zotsiriza, zilowe limodzi, popeza mlandu wathu wonse uli pa iwo. Kudzanja lamanja Temwa Chawinga, mng'ono wosatsalira, mphaliwali ya ku Kansas City, liwiro losiya otchinga akuyang'ana nambala ya kumsana. Kudzanja lamanzere Barbra Banda, Nabanda wa ku Lusaka, wochokera m'bwalo la nkhonya, chifuwa cha njati, mtima wosadziwa kugonja. Chaka cha 2024, ligi imodzi ya ku America, Mmalawi ndi Mzambia. Temwa adagoletsa 20, n'kufufuta mbiri ya zigoli 18 imene adaika Sam Kerr. Adamwetsa timu ina iliyonse ya m'ligimo. Adalandira nsapato ya golide ndi ulemu wa wosewera woposa onse. Koma m'ndime ya matimu anayi Orlando Pride idagonjetsa Kansas City Current 3-2. Pa 23 Novembala, pa bwalo la Kansas City lomwelo, pakhomo pa Temwa, Barbra adagoletsa chigoli chimodzi chokha cha masewero otsiriza, Orlando n'kunyamula chikho. Wina nambala, wina chikho. Gamulani tsono!

Musafulumire. Barbra yemweyu adagoletsa zitatu ku Olympics ya ku Tokyo Zambia ikugonja 10-3 kwa Netherlands. Adagoletsanso zitatu polepherana 4-4 ndi China. Mu 2024 ku France adagoletsanso zitatu Zambia ikugonja 6-5 kwa Australia. Masiku amenewo iye ndiye adali wa nambala wopanda chikho. Temwa yemweyu mu Okutobala 2023 adatsogolera Scorchers ku chikho cha COSAFA ndi zigoli 9, koma pa masewero otsiriza ogonjetsa Zambia 2-1 zigoli zidachokera kwa Asimenye Simwaka ndi Sabina Thom. Tsiku limenelo iye ndiye adali wa chikho, chobwera ndi mapazi a anzake. Mwaona? Akazi awiri omwewo, lero uyu ali mbali iyi, mawa ali mbali iyo. Ukatswiri wawo sudasunthe. Chimasuntha ndi tsiku, timu ndi mwayi. Chikho n'cha mudzi, chigoli n'cha mwendo, ulemu ngwa wosenza mtolo.

Mboni zatha, mlandu ugamulidwe. Mlimi aliyense pabwalo lino akudziwa kuti nkhokwe yodzaza imachitira umboni khasu, koma imachitiranso umboni mvula, nthaka ndi manja a apabanja. Akudziwanso kuti kuchuluka kwa mizere kumaonetsa mphamvu ya mkono, koma sikuuza ngati ana adakhuta. Chikho ndi nkhokwe, zigoli ndi mizere. Woyang'ana nkhokwe yokha adzanyoza wolima mwakhama m'chaka cha chilala. Wowerenga mizere yokha adzatamanda ngakhale wolimira dzina, wosalabadira ngati banja lidya. Pakuti alipo omwetsa zigoli odzikonda, okana kupatsira mnzawo ali pabwino, okongoletsa buku lawo timu ikumira. Aliponso ovala mendulo amene adaionera nkhondo ali pabenchi. Chikho ndi mboni, nambala ndi mboni, koma pa ziwirizi palibe woweruza.

Woweruza ndi mafunso atatu, ndipo muwatenge popita kwanu. Loyamba: adali ndi yani, ndipo adalimbana ndi yani? Zigoli 26 m'timu yotsika ligi zimalemera mosiyana ndi zigoli 26 m'timu ya akatswiri okhaokha. Lachiwiri: tsiku loopsa litafika, adaufuna mpira kapena adabisala? Kuphonya penate si manyazi. Drogba adaphonya chifukwa adalimba mtima kuimirira pamene ena adaweramitsa mitu. Lachitatu: atachoka, adasiya chiyani? Chitalu adasiya dzina limene lero lili pa bwalo la ku Kabwe. Kalusha adasiya timu pamene padali manda. Kinnah adasiya ana opita kumene iye sadafike. Mwai, Tabitha, Temwa ndi Barbra asiya makolo ambiri atasintha mtima, akulola ana awo aakazi kupita kubwalo. Amene wayankha bwino mafunso atatuwa ndiye wamkulu, kaya kabati yake njodzaza kaya njopanda kanthu.

Ndipo inu alembi a m'mabwalo athu, atolankhani, aphunzitsi a masewero m'masukulu, akuluakulu a makalabu, mlandu wa Chitalu usabwerezedwe. Lembani chigoli chilichonse, cha mu Super League ndi cha m'ligi ya m'boma, cha anyamata ndi cha atsikana. Lembani wopatsira, lembani wotchinga, lembani goloboyi amene sadalole kanthu. Sungani zithunzi, sungani matepi, funsani akale akadali ndi mpweya. Mwana wa kuno akadzachita zodabwitsa, dziko lisadzatifunse umboni ife n'kugwira pakamwa. Ndipo tamandani akatswiri anu akadali amoyo, akumva ndi makutu awo, osadikira tsiku lowanyamula pamapewa m'bokosi.

Imbani zonse pamodzi tsopano, mbalule, mpanje, gunda! A Chitalu, ulemu! Ana 18 ogwera m'nyanja ku Gabon, ulemu! A Kalusha, a Katongo, a Mweene, a Sunzu, ulemu! A Drogba, a Weah, ulemu! A Kinnah, a Chimodzi, a Chamangwana, Gabadinho, ulemu! Nyakumwenda, a Nyachawinga awiri, Nabanda, ulemu! Wonyamula chikho timuvinire chaka chonse, chifukwa wakondweretsa mudzi. Wodzaza buku timulembe ndi inki yosafufutika, chifukwa wanena zoona ndi mwendo wake. Koma wonyamula timu, wonyamula dziko, wosenza mtolo umene ena adautula, ameneyo timuvinire mibadwo yonse!